Zala Ziwiri pa Handulo

Inu amene mwatsegula tsamba lino mtima uli wolemera, khalani pansi pang'ono. Ndikufuna ndikusimbireni za mayi wina wopalasa njinga za mpikisano, amene anzake ankamutchula kuti Mphenzi.

Tsiku limene ndikuyambira nkhaniyi, Mphenzi anali gone m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, njinga ili pamwamba pake. Linali Lachiwiri m'mawa. Tayala lakumbuyo linkazungulirabe lokha m'mwamba. Sanavulale kwenikweni, koma analibe mtima wodzuka.

Anali atatha miyezi isanu osakwera njinga. M'mawa umenewo anasankha msewu wa kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, kumene sikudutsa anthu ambiri, kuti wina asamuone. Atafika pa kamtsetse kakang'ono, anatambasula dzanja lamanja kuti akoke buleki monga ankachitira zaka zonse. Dzanja linafika pamalo pake, koma zala zokokera panalibe. Ndi mantha anakoka buleki wa kumanzere, wa tayala lakutsogolo, ndi mphamvu zake zonse. Njinga inaima, mwini wake anapitirira.

Pa dzanja lamanjalo panali patatsala zala ziwiri, chachikulu ndi kachala komalizira. Zitatu zapakati anazisiya kuchipatala.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ngoziyo inachitika pa mpikisano, pa ngodya yonyowa ndi mvula. Wakutsogolo anaterereka, asanu ndi awiri anagwera pamodzi, ndipo dzanja la Mphenzi linalowa m'masipoko a tayala la mnzake lomwe linali likuzungulirabe. Madokotala anayesetsa masiku anayi, kenaka anamuuza zoona.

Mphunzitsi wa timu yake anabwera kudzamuona ndi thumba la malalanje. "Ku timu ndi kwanu, malo ako tikusungira," anatero. Patatha miyezi iwiri anaimba foni, mawu ali pansipansi. Malo aja anali atapatsidwa wina. Njinga yakale yokonzekerera mipikisano anamusiyira ngati chisomo.

Mphenzi anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sukulu anaisiyira pakati chifukwa cha njinga. Banja sanamange chifukwa cha njinga. Tsopano ngakhale kumanga batani la malaya kunkamutengera nthawi yoti munthu n'kusamba n'kuvala.

M'ngalande muja analira ngati mwana wasochera pamsika. Kenaka anadzuka, napukuta matope, nayamba kukankha njinga kubwerera kunyumba.

Kuti mumvetse bwino chimene chinkamudya mtima, ndiyenera kukuuzani kumene dzina lake linachokera.

Pa handulo ya njinga ya mpikisano pamakhala zogwirira ziwiri, china kumanja, china kumanzere. Chilichonse chimakoka buleki komanso chimasintha magiya. M'dera lawo, zida zimenezi zinkachokera ku makampani awiri opikisana. Anthu sankavutika ndi mayina ake enieni, ankangowatchula potengera zizindikiro zake. Kampani ina inali ndi chizindikiro cha mphenzi, inayo cha nangula.

Zida za Mphenzi zinali zopepuka ndi zosalala. Posintha giya umakankhira chogwirira chonse m'kati ndi zala ziwiri zapakati, giya n'kulowa mwakachetechete. Zida za Nangula zinali zolemererapo, ndipo zinali ndi kabatani kam'mbali kodina ndi chala chachikulu. Ukadina kankalira kuti kha, munthu wa kutsidya kwa msewu n'kumva.

Kusiyana kwake kunali komweko, koma opalasa njinga ankakangana ngati ndi nkhani ya mpingo. A Mphenzi ankati zida za Nangula n'za nkhalamba zosafuna kusintha. A Nangula ankati zida za Mphenzi zikawonongeka umangotaya, pamene zawo umamasula, n'kusintha kasipuling'i kamodzi, n'kuyendanso zaka khumi. Anthu ankatha kumwa tiyi limodzi chaka chonse osagwirizana pa nkhani imeneyi.

Achimwene ake a mayiyu anali makaniko wa njinga, munthu wa Nangula mpaka m'mafupa. Makolo awo atamwalira, iwo anali ndi zaka makumi awiri, mchemwali wawoyo zisanu ndi zinayi. Anamulera m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, pakati pa matayala ndi fungo la girisi. Njinga yake yoyamba ya mpikisano anaimanga okha ndi zida za Nangula zimene ena anataya. Chogwirira chilichonse anachimasula, nachitsuka, nachibwezera mwakale.

Pa njinga imeneyo mtsikanayo anapambana mipikisano ing'onoing'ono mpaka timu yaikulu inamutenga n'kumupatsa njinga yatsopano ya zida za Mphenzi. Mwezi wotsatira anawina mpikisano waukulu woyamba. Mtolankhani wa wailesi anamufunsa pamaso pa khamu kuti chasintha n'chiyani.

"Zida," anayankha akuseka. "Zakale zija zinkandikoka m'mbuyo. Paja ntchito ya nangula ndi kuimitsa ngalawa."

Anthu anafa nacho chiseko, ndipo kuyambira tsiku limenelo anamupatsa dzina loti Mphenzi. Chimene iye sanadziwe panthawiyo n'choti achimwene ake anali kumbuyo kwa khamulo. Anali atatseka shopu, nayenda ulendo wa maola anayi kudzamuonerera. Anatembenuka osamupatsa moni.

Panadutsa zaka zisanu ndi chimodzi. Akakumana pa ukwati kapena pa maliro ankapatsana moni ngati anthu ongodziwana pamsewu. Mphenzi ankadziwa kuti analakwa, koma ankati adzapepesa akadzapeza mpata wabwino. Mpata wabwino sunabwere. Ndipo atagonekedwa m'chipatala, alamu ake, akazi a achimwene akewo, ankabwera tsiku lililonse, koma achimwene sanaonekeko ngakhale kamodzi. Mphenzi anati mumtima, ndakolola zimene ndinafesa.

Tsiku logwera m'ngalande lija, masana, alamu ake anafika ndi zovala zimene anamuchapira. Anali mayi wojintcha wosoka makatani, wosadziwa kubisa mawu. Anaona matope pa njinga, anaona chigongono chosupuka, nakhala pampando osapempha.

"Mlamu, wayesa kukwera?"

"Ndayesa. Zatha basi, alamu. Njingayi ndingoipereka kwa wina."

"Pita nayo kwa achimwene ako."

Mphenzi anaseka mowawidwa. "Munthu amene sanabwere n'komwe kudzandiona? Ndikawauza chiyani? Zida zomwe ndinawanyozera nazo ndi zomwe zandikana."

Alamu anapinda ndi kupindanso thaulo limodzi. Kenaka anati, "Anandiletsa kukuuza, koma lero ndimasula. Achimwene ako sakuona. Shuga wadya maso. Chaka chino ndi chachiwiri. Kuchipatala kuja anafika kawiri mpaka pageti, n'kubwerera. Ankati mwanayu ali ndi zake zolira, asalirenso za ine."

Mphenzi anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana.

"Inu awiri ndinu mphika ndi chivundikiro," anapitiriza alamuwo. "Uyu manyazi, uyo manyazi. Ine ndatopa kuyenda pakati panu ngati wonyamula makalata."

M'mawa mwake Mphenzi anakankha njinga mpaka kushopu. Chitseko chinali chomwe chija cha malata obiriwira. M'kati matayala anali lende kudenga, ndipo sipanala iliyonse inali pa msomali wake. Kale achimwene ankaponya zida paliponse. Tsopano chilichonse chinali ndi malo ake, chifukwa manja ndiwo ankafunafuna.

Anawapeza atakhala pa kampando, tayala lili pakati pa miyendo, akugwira sipoko iliyonse ndi chala n'kumvetsera kulira kwake. Anali ataonda, imvi zili mbuu. Atamva njinga ikulowa anapendeka mutu.

"Njinga yoyenda monong'ona chonchi ndi ya Mphenzi," anatero. "Tcheni chake chauma. Ndikuthandizeni chiyani?"

"Ndine, achimwene."

Zala zawo zinaima pa sipoko. Kunja kunadutsa lole, malata a shopu ananjenjemera.

"Bwera nalo kuno dzanjalo."

Mphenzi anagwada nawapatsa dzanja. Chiyambire ngozi ija ankalibisa m'thumba, koma apa analitambasula. Achimwene analigwira ndi manja awo okhakhala, nayendetsa chala pa zipsera zitatu zija, chimodzi chimodzi. Misozi inatsika m'maso osaonawo mpaka m'ndevu.

"Zala zimenezi ndinkaziwenga ndine zikhadabo," anatero.

"Achimwene, mawu aja ndinalankhula pa wailesi..."

"Anandipweteka, sindikunamiza. Ndinkawamva ndikamadya, ndikamagwira ntchito. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Finya chala changachi ndi chachikulu chakocho. Finya kwambiri."

Anafinya. Achimwene anagwedeza mutu.

"Mphamvu ilimo. Kokanso ndi kakang'onoko." Anakoka. "Aka n'kaulesi, koma tikaphunzitsa ntchito. Tsegula kabati ya pansi, utenge bokosi lachitatu."

M'bokosimo munali chogwirira cha kumanja cha Nangula, chakale koma chosamalidwa. Achimwene anachiika m'dzanja lake nakankhira chala chake chachikulu pa kabatani kam'mbali. Mphenzi anadina. Kanalira kuti kha.

Anadinanso. Kenaka anaweramira pa mawondo a achimwene ake nalira kwa nthawi yaitali, iwo akumusisita m'mutu ndi dzanja la girisi.

"Iwe uli ndi maso, ine ndili ndi zala," anatero pomaliza. "Tikaphatikiza tikwana munthu mmodzi wathunthu. Mawa ubwere ndi zovala zogwirira ntchito."

Musaganize kuti zinayenda msanga. Kabatani kaja kankangosintha magiya kupita mbali imodzi. Kubwerera mbali inayo kunkafuna kukankha kachitsulo kena ka kuseri kwa chogwirira, ndipo kachala komalizira sikankafikako. Achimwene anati alumikize kachitsulo kowonjezera. Iwo ankapala ndi tupa, Mphenzi akuwauza kuti apa pakhota, apa patsala. Tizitsulo tisanu anatitaya. Kachisanu ndi chimodzi kanakwana.

Tsiku lililonse Mphenzi ankakhala pakhomo pa shopu akufinya kampira ndi kachala kakang'ono kaja mpaka dzanja lonse linkachita dzanzi. Alamu akamadutsa ankamuseka. "Kachala kameneka kanazolowera kuimirira pomwa tiyi ngati bwana. Lero kaona zakuda."

Vuto lalikulu linali mabuleki. Ndi zala ziwiri sakanatha kukoka buleki n'kugwiranso handulo. Choncho mabuleki onse awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, anayenera kupita ku dzanja lamanzere. Achimwene anapanga kachitsulo kogawa waya mmodzi kuti akoke mawaya awiri. Koma kugawa mphamvu kunali kovuta. Wakutsogolo akagwira kwambiri, wokwera amadumpha handulo. Wakumbuyo akagwira kwambiri, tayala limaterereka.

Ankayesera pa bwalo loimikapo magalimoto kuseri kwa msika, Lamlungu masana kukakhala kulibe anthu. Achimwene ankakhala pa njerwa n'kumamvetsera. Mphenzi ankapalasa, n'kukoka, n'kugwa. Iwo ankati, "Ndamva tayala lakumbuyo likukhwekhwereza. Bwera nayo." Ankapotoza kanati komangira waya pang'ono, iye n'kukweranso.

Sabata lachisanu ndi chimodzi anagwa moipa, nang'ambika pachibwano. Anakhala pansi magazi akudontha pa malaya.

"Achimwene, tikungodzivuta. Mwina Mulungu anatseka khomo limeneli."

"Ine sindikuona khomo lililonse, lotseka kaya lotsegula," anayankha. "Ndikungomva kuti waya wakutsogolo wathina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pukuta magaziwo, undipatse sipanala."

Komabe mabuleki ankagwira mofooka. Chogwirira cha Nangula chimene anaika kumanzere sichinkakoka waya wokwanira mabuleki awiri. Achimwene anayesa njira zonse zimene ankadziwa. Masiku atatu ankangokhala duu, chogwiriracho chili m'manja, chakudya chikuzizira pambali.

Tsiku lachinayi anati, "Chogwirira chako chakale cha kumanzere chili kuti?"

"Cha Mphenzi?"

"Chomwecho. Bwera nacho."

Achimwene anachigwiragwira nthawi yaitali, akuchikoka ndi kuchisiya, nkhope ili ngati akumwa mankhwala owawa. Kenaka anapumira m'mwamba.

"Anthu awa pa buleki anaganiza bwino. Chimakoka waya wambiri kuposa chathu, ndipo sichitopetsa dzanja. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwanyoza." Anatembenukira kumene kunali mchemwali wawo. "Ukakauza munthu kuti ndanena zimenezi, ndidzakana."

Mphenzi anaseka koyamba chiyambire ngozi ija. Alamu, amene anali pa makina awo osokera kuchipinda china, anafuula kuti, "Ine ndamva, ndipo ndilengeza."

Kugwirizanitsa zida za makampani awiri osamvana kunawatengera mwezi wina. Koma tsiku lina Mphenzi anathamanga pa bwalo lija, nakoka ndi dzanja lamanzere, ndipo njinga inaima bwinobwino, matayala onse awiri pamodzi, popanda phokoso. Achimwene anaimirira pa njerwa paja.

"Sindinamve kanthu," anatero. "Wagwa kapena waima?"

"Ndaima, achimwene."

"Bwerezanso."

Anabwereza kakhumi.

Atabwerera pa msewu, anzake akale anaizungulira njingayo. Kumanzere Mphenzi, kumanja Nangula, pakati kachitsulo kopala ndi tupa. Ena anaseka kuti ndi mwana wa abambo awiri. Wina wa Nangula anati kusakaniza kotero ndi tchimo. Mphenzi, amene kale akanayankha ndi lilime lakuthwa, anangoti, "Imaima ndikafuna kuima, imasintha ndikafuna kusintha," napitiriza ulendo.

Thupi linali litafooka. Mtunda umene kale ankakwera akucheza unkamutsitsa pakati. Dzanja lopuwalalo linkatupa pakatha ola limodzi, ndipo zala zimene kulibe zinkamuwawa ngati zilipo. Ankadzuka m'mawa kukapalasa, masana n'kukagwira ntchito kushopu, kumene achimwene ankamuphunzitsa kugwira sipanala ndi dzanja lamanzere. Anamuphunzitsa kuwongola tayala, kumasula chogwirira cha Nangula mpaka kasipuling'i komaliza, ndi kudziwa vuto la njinga pongomvetsera.

"Ndikukuthira zonse zimene zili m'mutu muno," ankatero. "Chotengera chakechi chayamba kudontha."

Mphenzi ankayesa nthabwala. Koma ankaona kuti mapazi a achimwene akutupa, ndipo ankagona masana pa benchi, chinthu chimene sankachita kale.

Patatha chaka, analembetsa mpikisano wa makilomita makumi asanu ndi anayi. Okonza mpikisano anakayika. Anaiyang'ana njingayo mbali zonse, namuuza kuti atsike mtsetse n'kuima pa mzere iwo akuona. Anaima pa mzere ndendende. Anamulola.

Kutatsala masabata atatu, achimwene anagwa m'shopu sipanala ili m'manja. Kuchipatala anati impso zasiya kugwira ntchito.

Mphenzi anaimika njinga kukhoma. Iye ndi alamu ankasinthana pambali pa bedi. Tsiku lachisanu, dzuwa likulowa pawindo la wodi, achimwene anatsitsimuka pang'ono nafufuza dzanja lake. Anagwira lamanja lija, nakhudza chikhatho.

"Zikang'a zayamba kufewa," anatero ndi mawu otsika. "Sukupalasa."

"Ndipalasa mukachira."

"Usandinamize, ndine wakhungu koma si wogontha. Ndamva zimene adokotala anauza mlamu wako." Anapuma kaye. "Mphira za buleki wakumbuyo usinthe mpikisano usanafike. Zakumanzere zadyeka. Ndipo pa mtsetse usakoke kamodzi n'kamodzi. Uzikoka ngati ukukama."

"Achimwene, zaka zisanu ndi chimodzi zija ndinazitaya chabe."

"Tinazitaya tonse. Koma chaka chimodzi ichi chandikwana. Pita ukadye, wakhala pano chiyambire m'mawa."

Mphenzi anatuluka kukagula chakudya pa kantini. Pobwerera anapeza alamu ataima pakhonde, nsalu ili kukamwa. Mbale inagwa m'manja mwake.

Maliro atatha, shopu inakhala yotseka. Mphenzi ankalowa, n'kukhala pa kampando kaja, n'kumangoyang'ana masipanala pa misomali. Njinga inachita fumbi. Anauza alamu kuti mpikisano uja sapitako, chifukwa amene ankafuna kumusangalatsa wapita.

Alamu, maso ali otupa, sanamunyengerere. "Mwamuna wanga anathera chaka chake chomaliza pa kachitsulo ako. Ine ndinkamufuna kunyumba, iye ali pa njerwa kumvetsera iwe ukugwa. Sindinadandaule. Tsono usandiuze kuti chaka chimenecho chinapita pachabe. Ukapalase, ngakhale ukamalize wotsiriza."

Kutatsala masiku awiri, Mphenzi anatenga sipanala ndi dzanja lamanzere nasintha mphira za buleki wakumbuyo. Zakumanzere zinalidi zitadyeka.

Pa mzere woyambira panali amayi makumi anayi. Mphunzitsi wake wakale anamuona, nayandikira, nayang'ana handulo. Anangomugwira paphewa n'kuchoka.

Makilomita makumi atatu oyamba anakhala m'gulu. Pa phiri loyamba gulu linamusiya. Anapalasa yekha nthawi yaitali, mphepo ikumuwomba kumaso, dzanja likutupa, kabatani kakulira kha, kha pa msewu wopanda anthu. Kulira kumeneko kunkamukumbutsa shopu, ndipo misozi inkauma yokha ndi mphepo.

Kenaka unafika mtsetse waukulu wokhotakhota. Mantha anamugwira. Mtima unkamuuza kuti atsike ayende pansi. Anaika zala zinayi za kumanzere pa chogwirira nayamba kukoka pang'onopang'ono, kukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya. Njinga inamumvera. Ngodya yoyamba inadutsa, yachiwiri, yachitatu. Pofika pansi anali atadutsa anthu asanu ndi mmodzi amene ankatsika mwamantha ndi zala zawo zonse khumi.

Sanawine. Anamaliza pa nambala khumi ndi zinayi, opambana atalandira kale maluwa. Dzanja linali litaumirira pa handulo moti alamu, amene ankamudikira pa mzere, anachita kulimasula chala chimodzi, kenaka chinacho. Awiriwo anakumbatirana nakhala pansi m'mbali mwa msewu, akulira munthu mmodzi, anthu akuwadutsa.

Lolemba lotsatira Mphenzi anatsegula shopu.

Poyamba makasitomala ankakayika makaniko wa zala zisanu ndi ziwiri. Ena ankabwera, n'kuona dzanjalo, n'kunamizira kuti aiwala kanthu. Koma njinga zimene ankakonza sizinkabwerera ndi vuto lomwelo, ndipo mbiri inayenda. A Mphenzi ndi a Nangula onse anayamba kukumana pa benchi imodzi, akukangana monga mwa masiku onse. Akamufunsa kuti zabwino ndi ziti, ankawayang'ana manja, n'kufunsa misewu imene amayenda, kenaka n'kuwapatsa zimene zikuwayenera.

Tsiku lina kunafika bambo wina, dalaivala wa basi amene anadulidwa mkono pa ngozi. Anayenda ulendo wa tsiku lathunthu atamva za iye. Anaima pakhomo, dzanja la malaya lili lopinda ndi pini, nati, "Amayi, kale ndinkapalasa. Ana anga akuti ndiiwale." Mphenzi anamukhazika pansi, namuyeza mkono wotsalawo, ndipo patatha masabata asanu bamboyo anazungulira bwalo la kuseri kwa msika akuseka ngati wapenga. Pambuyo pake kunabwera mayi wa mwendo umodzi, kenaka mphunzitsi wopuma ntchito amene manja ake ankanjenjemera. Lero gulu lawo limakwana anthu makumi awiri ndi atatu, ndipo Loweruka lililonse m'mawa amapalasa limodzi, njinga iliyonse ndi kapangidwe kakekake.

Chisoni sichinathe. Mpaka pano, akakumana ndi vuto lovuta, Mphenzi amatembenuka kuti afunse, n'kupeza kampando kali kopanda munthu. Amapuma kaye, n'kupukuta m'maso ndi mkono, n'kubwerera pa ntchito.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikudziwa chimene chinakuthyolani. Kaya ndi matenda, kaya ntchito inatha, kaya ndi mawu amene munalankhula ndipo simungawabweze. Sindikulonjezani kuti zonse zimene munataya zidzabwerera, pakuti zina sizibwerera. Koma ngati pali m'bale amene mukumusungira kupepesa, pitani lero akadali ndi mpweya. Ngati thandizo lili m'manja mwa amene munkawanyoza, tsitsani mutu mukalilandire. Ndipo pamene mwagwa kakhumi, dzukani kakhumi ndi kamodzi. Mtima wanuwo musautaye, ulendo ukadalipo.